Manja anga akung'ambika chifukwa cha simenti: kodi ndisiye ntchito yomanga?

Mmisiri wa ku Chinsapo:
Moni nonse pagulu pano. Ndine womanga nyumba, ndipo ndakhala pantchitoyi zaka 11, kuyambira pamene ndinali wothandizira kukankha wilibala mpaka pano pamene ndimamanga ndekha. Vuto langa linayamba chaka chatha ngati kuuma chabe kwa khungu la m'manja, koma tsopano zala zang'ambika m'mfundo monse, kuseri kwa manja kwatuluka timatuza tomwe timayabwa kwambiri usiku, ndipo zikhadabo zinayi zakhuthala n'kuyamba kuchita mizere yopingasa. Ndikagwira simenti yonyowa ndimamva ngati ndathira tsabola pachilonda. Chomwe chandidabwitsa n'chakuti mu Disembala nditapita kumudzi kwa masabata atatu manja anapola ndithu, koma nditabwerera kuntchito sipanathe masiku anayi vuto lisanayambirenso. Ndagula mafuta odzola a mitundu itatu kusitolo ya mankhwala, amathandiza masiku ochepa basi. Ndili ndi ana anayi ndipo luso lina ndilibe. Amene mukudziwa za matendawa, chonde ndithandizeni maganizo.

Kapitawo wopuma ntchito:
Mwana wanga, zimenezi si zachilendo kwa ife amene tinakulira pa njerwa ndi simenti. Ine ndinagwira ntchito yomanga zaka zoposa 30 ndipo manja anga anang'ambikapo nthawi zambiri, makamaka nyengo yozizira ya Juni ndi Julaye pamene mphepo imaumitsa khungu. Ife tinkasamba ndi dizilo pang'ono madzulo kuti simenti ichoke, kenako n'kudzola vaselini. Pakapita nthawi khungu limakhwima lokha ndipo silimvanso kanthu. Musafulumire kuganiza zosiya ntchito.

Dokotala wa khungu:
Bambo Kapitawo, ndikulemekeza zaka zimene munagwira ntchitoyi, ndipo pa vaselini mwanena zoona, koma pa dizilo ndiloleni nditsutse. Dizilo, palafini ndi petulo zimasungunula mafuta achilengedwe amene amateteza khungu, choncho munthu amene wasamba nazo amapita kuntchito m'mawa mwake khungu lake lili lotseguka kale, ndipo simenti imalowa mosavuta.

Achimwene a ku Chinsapo, zimene mwafotokoza zikusonyeza kuti matenda anuwo akuchokera kuntchito, ndipo umboni waukulu mwaupereka nokha: munapola muli kumudzi, munadwalanso mutabwerera. Funso limeneli ndi limene timayamba kufunsa aliyense wobwera ndi vuto la m'manja, chifukwa zipere kapena mphere sizidziwa kuti lero ndi tchuthi.

Simenti imavulaza khungu m'njira ziwiri zosiyana, ndipo kusiyana kwakeko n'kofunika kwambiri pa tsogolo lanu. Njira yoyamba ndi kupsereza. Simenti ikakumana ndi madzi imakhala yaukali ngati soda yopangira sopo. Pa muyeso wa ukali wa zinthu wotchedwa pH imafika 12 mpaka 13, pamene khungu la munthu limakhala pafupi ndi 5. Kuwonjezera apo imayamwa chinyezi cha khungu, ndipo mchenga umakwecha pamwamba. Izi zimachitikira aliyense amene wagwira simenti nthawi yaitali, ndipo ndi zimene Bambo Kapitawo akufotokoza. Zimatha munthu akateteza manja.

Njira yachiwiri ndi yovuta kuposa pamenepa. M'simenti mumakhala mchere wina wochepa kwambiri wotchedwa chromate. Mcherewu ukamalowa m'ming'alu ya khungu kwa miyezi kapena zaka, thupi la anthu ena limafika pouda, moti kuyambira pamenepo ngakhale fumbi lochepa la simenti limadzutsa timatuza ndi kuyabwa patapita tsiku limodzi kapena awiri. Thupi likaphunzira kudana ndi chromate siliiwalanso. N'chifukwa chake munthu amatha kugwira ntchito zaka khumi popanda vuto lalikulu, kenako n'kudwala mwadzidzidzi ngati walodzedwa. Timatuza toyabwa timene mwatchulato tikundichititsa kukayikira kuti mwina mwafika pa njira yachiwiriyi, koma sindinganene motsimikiza ndisanaone manjawo.

Mmisiri wa ku Chinsapo:
Adokotala, zikomo kwambiri. Mawu oti kulodzedwawo mwawatchula ngati munalipo, chifukwa achibale ena kumudzi ananena zomwezo, kuti pali wina amene sakondwa ndi mmene ntchito ikundiyendera. Nanga zikhadabozi zikugwirizana bwanji ndi simenti? Ine ndinkaganiza kuti ndi matenda ena apadera.

Dokotala wa khungu:
Chikhadabo chimamera kuchokera pansi pa khungu la kumapeto kwa chala, pamalo amene simungawaone. Khungu lozungulira malowo likatupa kwa nthawi yaitali, chikhadabo chimatuluka chopunduka, chokhala ndi mizere yopingasa kapena timaenje, ndipo mzere uliwonse umasonyeza nthawi imene kutupa kunakula. Anthu ambiri akaona zimenezi amathamangira kugula mankhwala opha fangasi n'kumwa miyezi ingapo popanda kusintha, pamene vuto lili pakhungu. Fangasi imathanso kulowa m'chikhadabo chowonongeka, n'zoona, koma zimenezo zimafunika kuti wachipatala aone, mwinanso apale pang'ono n'kuyeza. Dziwaninso kuti chikhadabo cha kumanja chimakula pafupifupi mamilimita 3 pamwezi, choncho ngakhale khungu litapola lero, zikhadabo zidzatenga miyezi pafupifupi 6 kuti zioneke bwino. Za kumapazi zimatenga chaka kapena chaka ndi theka.

Mayi wa saluni ku Ndirande:
Pepani kuti ndalowerera nkhani ya amisiri, koma zimene Adokotala afotokoza za zikhadabo zandikhudza. Ine ndimakonza tsitsi la amayi, ndipo tsiku lonse manja anga amakhala m'madzi, m'shampu ndi m'mankhwala owongolera tsitsi. Kwa chaka tsopano khungu la m'mbali mwa zikhadabo za zala zitatu ndi lotupa ndi lofiira, nthawi zina ndikafinya pamatuluka mafinya pang'ono, ndipo chikhadabo chimodzi chasanduka chobiriwira. Makasitomala ena akaona amachita mantha kuti ndiwapatsira, moti ndayamba kumata zikhadabo zogula kuti ndibise. Kodi zimenezi n'zofanana ndi za achimwenewa?

Namwino wa ku Zomba:
Achemwali, choyamba chotsani zikhadabo zomatazo. Pansi pake pamasungika chinyezi, ndipo mtundu wobiriwirawo nthawi zambiri umabwera ndi kachilombo ka Pseudomonas kamene kamakonda malo onyowa otsekeka. Guluu womatira zikhadabo nayenso amatha kuyambitsa kudana kwa thupi kofanana ndi kumene Adokotala afotokoza pa simenti.

Vuto lanu ndimalidziwa bwino chifukwa linandigwira ine ndemwe pamene ndinkagwira ntchito kuchipinda chochirira amayi, kumene munthu umasamba m'manja kosawerengeka. Pakati pa chikhadabo ndi khungu pali kakhungu kopyapyala kamene kamatseka mpata kuti madzi asalowe. Manja akamakhala m'madzi ndi sopo maola ambiri tsiku lililonse, kakhunguko kamatha, mpata umatseguka, ndipo madzi, sopo ndi tizilombo zimalowa. Amayi ochapa zovala za anthu, otsuka mbale m'malo odyera, ogulitsa nsomba zaziwisi ndi ophika mandasi amavutika ndi zomwezi. Ine ndinamwa mankhwala opha mabakiteriya kawiri konse popanda phindu, ndipo chimene chinandichiza ndi kuumitsa zala bwinobwino ndikasamba, kudzola mafuta nthawi iliyonse, kuvula mphete pantchito, ndi mafuta ochepetsa kutupa amene anandilembera kuchipatala. Zinatenga miyezi itatu kuti kakhungu kaja kamerenso. Inu a m'saluni muli ndi chizolowezi chodula kapena kukankha kakhungu kameneka pokongoletsa zikhadabo. Pa zala zanu musachite zimenezo. Ndipo auzeni makasitomala anu kuti kutupa kotereku sikupatsirana pogwira tsitsi.

Dokotala wa khungu:
Anamwino anena zonse, ndingowonjezera pa mankhwala a m'saluni. Mankhwala ambiri owongolera tsitsi amakhala ndi soda yaukali wofanana kapena woposa wa simenti, n'chifukwa chake amapsereza pamutu akakhalitsa. Utoto wakuda wa tsitsi nthawi zambiri umakhala ndi mankhwala otchedwa PPD, amene ndi amodzi mwa odziwika kwambiri poyambitsa kudana kwa thupi pakati pa okonza tsitsi. Amayi, musagwire zinthu ziwirizi ndi manja osavala kanthu ngakhale kwa mphindi imodzi. Magolovesi a nitrile ndi abwino kuposa a latex pa utoto, ndipo amene mwagwiritsa ntchito pa utoto musawatembenuze kuti muwavalenso, chifukwa pamenepo mwaika mankhwala aja mwachindunji pakhungu.

Kapitawo wopuma ntchito:
Ndamva, Adokotala, ndipo za dizilo ndavomera kuti tinkalakwitsa. Koma nkhani ya magolovesi ndi yosavuta kuilemba kusiyana ndi kuichita. Mmisiri akavala magolovesi samva bwino njerwa m'manja, liwiro limatsika, ndipo amene amalipidwa potengera mizere imene wamanga sangalole zimenezo. Chinanso, mwezi wa Okutobala thukuta limadzaza m'magolovesi moti ukavula zala zimakhala zoyera ngati wachoka kumtsinje. Ndinaona anyamata ambiri akupatsidwa magolovesi m'mawa, pofika masana ali m'thumba la kumbuyo.

Mmisiri wa ku Chinsapo:
Bambo akunena zoona. Ine ndinayesapo magolovesi achikopa aja ogulitsidwa mumsika, ndipo m'malo mothandiza manja anayabwa kuposa kale.

Dokotala wa khungu:
Achimwene, zimene mwanenazi n'zofunika kwambiri. Zikopa zambiri zimafufutidwa ndi chromium, yemwenso amapezeka mu chromate, choncho munthu amene thupi lake likudana ndi chromate amatha kuyabwa ndi magolovesi achikopa, nsapato zachikopa ngakhalenso lamba wa wotchi. Kupatula apo, chikopa ndi nsalu zimayamwa madzi a simenti n'kuwasunga pakhungu tsiku lonse, zomwe n'zoipa kuposa kusavala kanthu. Ofunika ndi magolovesi osalowa madzi, a nitrile okhuthala kapena a PVC, aatali ofika pamkono, ndipo mkono wa malaya ukhale pamwamba pake kuti simenti isagwere mkati. Pa vuto la thukuta limene Bambo Kapitawo atchula, valani magolovesi opyapyala a thonje mkati, mukhale nawo awiriawiri kapena atatu kuti muzisintha akanyowa, ndipo muziwachapa madzulo. Sindikukana kuti liwiro limatsika masabata oyamba. Koma mmisiri amene zala zake zang'ambika mpaka kutuluka magazi liwiro lake ndi lotsika kale.

Ndichenjezenso za ngozi ina imene amisiri ambiri saidziwa. Konkire yonyowa ikalowa m'gambuti, kapena munthu akagwada pa konkire ndi buluku lonyowa posalaza pansi, samva kuwawa nthawi yomweyo. Simenti imadya khungu mwakachetechete, ndipo pofika madzulo pamapezeka zilonda zakuya ngati za moto, zina zofuna kumezanitsa khungu kuchipatala. Zikatero vulani chovalacho nthawi yomweyo, tsukani ndi madzi ambiri oyera kwa mphindi zosachepera 20, ndipo pitani kuchipatala khungu likasintha mtundu.

Womanga wa ku Johannesburg:
Ine ndili kuno ku Joni zaka 6 tsopano pantchito yomweyi. Kumalo akuluakulu omanga kuno salola munthu kulowa popanda chipewa, nsapato ndi magolovesi, ndipo pali lamulo la 1993 lotchedwa COIDA lokhudza chipukuta misozi kwa ovulala kapena odwala chifukwa cha ntchito. Koma abale athu ambiri amagwira kwa mabwana ang'onoang'ono amene amakutenga pamsewu m'mawa n'kukulipira madzulo, ndipo kumeneko palibe amene amafunsa za manja ako. Ndili ndi funso kwa Adokotala: ndinamva kuti kumayiko a azungu simenti yawo siyabwitsa ngati yathu. Kodi n'zoona?

Dokotala wa khungu:
Pali choonadi pamenepo, koma pa mbali ya chromate yokha. Mayiko a kumpoto kwa Ulaya, Denmark patsogolo, anayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 kuthira ferrous sulphate m'simenti popanga. Mankhwalawa amasintha chromate kukhala mtundu wina umene sulowa mosavuta pakhungu. Ataona kuti amisiri odwala achepa, mayiko a European Union anakhazikitsa lamulo limene linayamba kugwira ntchito mu 2005, loletsa kugulitsa simenti yokhala ndi chromate yosungunuka yoposa magawo 2 pa miliyoni. Mphamvu ya ferrous sulphate imatha simenti ikakhalitsa, n'chifukwa chake matumba awo amalembedwa tsiku. Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti njira imeneyi ndi yodziwika kwa zaka zoposa 40, pamene ine ndikuonabe amisiri achinyamata akubwera ndi manja ofanana ndi a achimwene athuwa. Komabe ngakhale simenti ya ku Ulaya imapsereza khungu chimodzimodzi, chifukwa ukali wa laimu amene ali m'simentimo sunachotsedwe.

Mlimi wa fodya ku Kasungu:
Nkhaniyi yandikumbutsa za kwathu kuno, ngakhale kuti ife vuto lathu silioneka kwambiri pakhungu koma limalowera pakhungu. Nthawi yothyola fodya wa bale, tikalowa m'munda m'mawa masamba ali ndi mame, kapena mvula itangokata, ambiri timamva chizungulire, mutu, nseru ndi kusanza pofika masana. Kwa zaka zambiri ndinkayesa malungo, mpaka mlangizi wina anatiuza kuti ndi nikotini amene amasungunuka m'madzi a pamasamba n'kulowa m'thupi kudzera m'manja, m'mikono ndi m'khwapa momwe timapanira masamba. Manja nawo amada ndi phula la fodya, ndipo posoka masamba m'chigafa zala zimang'ambika. Amene amavutika kwambiri ndi ana a matenanti chifukwa matupi awo ndi aang'ono. Bungwe la Plan International linatulutsa lipoti mu 2009 lonena kuti ana ogwira ntchito m'minda ya fodya m'Malawi muno amatha kulowetsa nikotini wokwana mamiligalamu 54 patsiku kudzera pakhungu. Panopa pakhomo panga sitithyola mame asanaume, timavala malaya a mikono yaitali ndi pulasitiki pamwamba, ndipo zovala zikanyowa timasintha. Mwana salowa m'munda wa fodya.

Namwino wa ku Zomba:
Bambo a ku Kasungu, mwachita bwino kutchula zimenezo, chifukwa nyengo yothyola fodya ndi nyengo yomweyo ya malungo, ndipo zizindikiro zake zimafanana. Wodwala akafika kuchipatala anene kuti wachokera m'munda wa fodya wonyowa.

Ndibwerere kwa achimwene a ku Chinsapo pa mafuta atatu amene anagula aja. Ndikuganiza kuti mwina ena mwa iwo ali ndi betamethasone kapena clobetasol, mankhwala amphamvu ochepetsa kutupa amene amagulitsidwa mwachisawawa. Mafutawa ndi mankhwala enieni ndipo madokotala amawalemba pa vuto ngati lanuli, koma kwa nthawi yoikika. Mukamadzola miyezi ndi miyezi uku mukugwirabe simenti ndi manja osavala kanthu, khungu limapyapyala, limang'ambika mosavuta, ndipo ngati pali fangasi imafalikira mobisika. Popita kuchipatala tengani machubu onse atatu kuti akaone zimene mwakhala mukudzola.

Woyang'anira gulu:
Pali mbali ina imene sinakhudzidwe mokwanira, ndiyo udindo wa olemba ntchito. M'Malawi muno tili ndi lamulo la 1997 la chitetezo, umoyo ndi chisamaliro cha anthu pantchito, limene limapereka kwa wolemba ntchito udindo woteteza antchito ake, kuphatikizapo kuwapatsa zovala zodzitetezera pamene ntchito ili ndi zinthu zovulaza. Palinso lamulo la 2000 la chipukuta misozi, limene limakhudza kuvulala komanso matenda ena oyamba chifukwa cha ntchito, ndipo madandaulo amapita ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu. Achimwene, kodi munalembedwa ndi kampani kapena mumagwira panokha? Ngati munalembedwa, pemphani wachipatala alembe m'buku lanu la kuchipatala kuti matendawa akugwirizana ndi simenti, chifukwa popanda cholembedwa dandaulo silipita patali.

Mmisiri wa ku Chinsapo:
Panopa ndili pansi pa kontirakitala wina amene akumanga nyumba zogona, koma palibe pepala lililonse limene tinasainirana, ndipo malipiro ndi a pa sabata. Titapempha magolovesi anatiuza kuti aliyense adzigulire. Pamalopo palibe ngakhale madzi osamba m'manja kupatula a mumgolo womwe timatungamo pokanda simenti, ndipo ndi momwemo timasamba tisanadye nsima.

Dokotala wa khungu:
Madzi a mumgolowo ndi simenti yosungunuka kale, chifukwa mafosholo ndi ndowa zimaviikidwa momwemo, choncho mukasamba mmenemo mukudzola vuto lomwelo. Nyamulani chigubu cha malita 5 cha madzi oyera ndi sopo wofatsa, osati sopo waufa wochapira zovala. Musambe nthawi yopuma ndi poweruka, mupukute bwino pakati pa zala, kenako mudzole vaselini wambiri. Usiku dzolaninso n'kuvala magolovesi a thonje kapena masokosi oyera m'manja.

Pa funso lanu loyamba lija, yankho langa ndi ili: musasiye ntchito musanaonedwe. Pitani ku kiliniki ya khungu, ku Kamuzu Central Hospital popeza muli ku Lilongwe, kudzera kuchipatala chanu chaching'ono kuti akulembereni kalata. Njira yotsimikizira kudana ndi chromate ndi kumata timapepala ta mankhwala pamsana kwa maola 48 n'kuona mmene khungu layankhira, koma ngakhale popanda kuyeza kumeneko wachipatala wodziwa khungu amatha kuzindikira zambiri poona manja ndi kumva mbiri yanu. Ngati ndi kupsereza chabe, mudzapitiriza kumanga mutateteza manja. Ngati ndi chromate, ndikuuzeni mosabisa kuti ena amavutikabe ngakhale atavala magolovesi, chifukwa fumbi la simenti limafika kumaso, m'khosi ndi m'mapazi. Otere amachita bwino kusunthira ku mbali ya ntchito yomanga imene sikhudza simenti yonyowa, monga kukhoma denga, ukalipentala kapena kuyang'anira anzawo, ndipo munthu wa zaka 11 pantchito ngati inu ali ndi poyambira.

Kapitawo wopuma ntchito:
Mwana wanga, pa mawu anga oyamba aja ndinapeputsa nkhani, undikhululukire. Ndikukumbukira tsopano mnzathu wina amene tinkamuseka kuti ali ndi manja a mwana wasukulu, mpaka anasiya ntchito n'kubwerera kumudzi manja ali zilonda zokhazokha, ndipo palibe mmodzi wa ife amene anadziwa kuti ndi matenda. Ukapita kuchipatala udzatiuze zimene akakuuze. Ngati zidzafika posintha ntchito, kuwerenga mapulani ndi kuwerengera zipangizo ndingathe kukuphunzitsa ine, chifukwa ndi zimene zinandikweza kukhala kapitawo.

Mmisiri wa ku Chinsapo:
Ndabweranso patapita masabata asanu kuti ndikuuzeni mmene zayendera. Kuchipatala anaona manja ndi machubu aja, ndipo awiri mwa iwo analidi ndi mankhwala amene Anamwino anatchula. Anandiuza kuti ndisiye onse, anandilembera amodzi oti ndidzole masabata awiri okha, ndipo anandipatsa masiku 10 opuma, ngakhale kuti masiku amenewo sindinalandire malipiro. Ndinagula magolovesi a PVC ndi a thonje awiriawiri, ndipo chigubu cha madzi ndimanyamula tsiku lililonse. Anyamata awiri othandizira nawonso ayamba kusamba m'chigubu changa m'malo mwa mumgolo. Ming'alu ya m'zala yatsekeka, koma timatuza ta kuseri kwa dzanja lamanja timabwerabe ndikagwira ntchito ya pulasitala, ndipo adokotala akuti zimenezi zikulozera ku chromate, choncho ndibwererenso mwezi wamawa. Zikhadabo zikadali zopunduka, kungoti kumunsi kwa ziwiri kwayamba kutuluka gawo losalala. Bambo Kapitawo, za mapulani zija ndikuzifuna ndithu, ndipo Loweruka masana ndimakhala ndilibe ntchito.